Ndalama ya M'kamwa mwa Bambo

Kalekale ku Roma, ndalama zasiliva zinkakhala ndi nkhope za milungu yawo. Anthu akumeneko analinso ndi mwambo: munthu akamwalira ankamuika ndalama m'kamwa, kuti akalipire mwini bwato woolotsa akufa pamtsinje. Wopita m'kamwa muli pululu ankangozungulira pagombe zaka zana limodzi, osaoloka.

Chaka china kunagwa chilala choopsa. Numeriyo, mmisiri wosula zitsulo, anafa ndi njala, nasiya ana atatu ndi mkazi wake Plotiya ali gone, nthiti zili pamtunda. M'nyumba monsemo munatsala ndalama imodzi yokha, ya nkhope ya Keresi, mulungu wamkazi wa mbewu. Ndalamayo ikanagula tirigu woti mayiyo atsitsimuke.

Mwana woyamba, Seviyo, anaitenga n'kuiika m'kamwa mwa malemuwo. "Bambo anatilera movutika, ndiye akasowe chowolokera? Amayi apirire," anatero. Apirire chiyani, abale, munthu wosatha ngakhale kudzutsa mutu!

Wachiwiri, Vibiya, sanatsutse. Koma pamene ankamanga chibwano cha maliro, anapisa chala n'kuitulutsa mwakachetechete, misozi ili chuchuchu. "Mundikhululukire bambo, amayi akadapuma," ananong'ona. Bambo anaikidwa m'manda m'kamwa mulibe kanthu, Vibiya n'kuuyatsa wa kumsika kukagula tirigu.

Wotsiriza, Opita, anamupeza panjira pafupi ndi kachisi wa Keresi. "Achemwali, tirigu ameneyo akatha tidzatani? Mwini nkhopeyi ndiye watseka mvula. Timubwezere zake, mudzi wonse upulumuke." Vibiya anakana kwamtuwagalu, koma Opita anamupotokola dzanja, n'kulanda ndalamayo, n'kukaiponya paguwa la Keresi. Ansembe anaitola pomwepo.

Patapita masiku atatu mvula inagwadi, yamphamvu. Kaya ndi ndalamayo, kaya inali ikubwera kale, ine sindidziwa, ndipo sindikunamizani. Chimene ndikudziwa n'chakuti Plotiya sanaione. Anali atatsirizika dzulo lake, akupempha phala.

Kalanga ine! Pomusambitsa, ana aja anayang'anizana, poti yoika m'kamwa mwa mayi wawo panalibenso. Seviyo anati wolakwa ndi amene anabera maliro. Vibiya analoza amene anamulanda. Opita anati midzi yonse ikulima chifukwa cha iye, koma ananena zimenezi akulira.

Tsono inu mwamva zonse, tandiuzani: makolo awiri aja, ali chiimire pagombe opanda chowolokera, adandaule mwana uti?