Chimbale Chosatseka cha a Jailosi

"Bambo wawaika m'manda kachiwiri ndiwe, Masauko. Usayang'ane kumbali."

Anatero Lidia kwa mlongo wake wamng'ono, chimbale cha vidiyo chili m'manja. Anthu amene anasonkhana pakanyumba kawo ku Hopley kudzagawa zovala za malemu onse anatembenukira kwa Masauko.

Bambo awo, a Jailosi, anachoka ku Malawi ali mnyamata nakagwira ntchito m'mafamu a fodya kudziko la anthu oyankhula Chishona. Mafamu atawalavula anadzatsamira ku Hopley, mkazi wawo atatsogola kale. Za kwawo sankazitchula. Ukawafunsa ankangoti, "N'kutali." Koma chifuwa chitawapanikiza anaitana Masauko, yemwe ankajambula maukwati ku Kuwadzana ndi kamera ya tepi. Tsikulo Lidia anali kumsika ndi tomato wake. Mkuluyo anavala jekete lake lakuda nayankhula zonse: mudzi, mfumu, mtsinje, mayina a alongo awo. Anapempha chinthu chimodzi, kuti akadzamwalira jeketelo likaperekedwe kwawo, abale akadziwe kuti sanafere patchire.

Masauko anakulira m'Chishona, Chichewa amangotola apa ndi apo. Komanso maso ake anali pa batire. Mayina aja anamudutsa ngati makombi, maminibasi akumeneko, atadzaza.

Atabwerera ku Kuwadzana anasamutsira zonse pa chimbale ndi makina ake akale. Makina oterowo ali ndi lamulo lake: ukamaliza kujambula, chimbale uchitseke. Ukapanda kutero chimaonetsa m'makina omwe achijambulawo basi, kwina chimakhala mlendo. Masauko ankalidziwa lamuloli, koma anati adzatseka akadzaonjezamo zithunzi ndi kanyimbo.

"Bwera nacho tichiyese pa pleya yathu usanafufute tepi," anatero Lidia.

"Sisi, inu dziwani za tomato," anayankha akuseka. "Ndachionera ndekha. Mudhara, bambo wathu, akuwala ngati wowerenga nkhani pa TV. Zatheka basi."

Loweruka lake, tepi yomweyo anajambulirapo ukwati.

A Jailosi anamwalira mvula isanagwe. Sabata ya maliro magetsi anazima, pobwera anabwera mwaukali, makina aja n'kupsa. Masauko ananunkhiza utsiwo, natseka pakamwa. Sanauze munthu.

Tsiku logawa zovala jekete analiika padera pampando. Masauko analumikiza TV ku batire ya galimoto, nalowetsa chimbale. Pleya inazungulira, inang'ung'udza, kenako inalemba kuti mulibe kanthu.

"Pleya yanuyi ndi yakufa, sisi. Fumbi la ku Hopley lino."

Mayi Natalia, oyandikana nawo ochokera ku Tete, anakatenga yawo. Chimodzimodzi. Ina inachokera kutchalitchi, yatsopano, yosewera chilichonse chogulidwa pamsewu. Nayonso inachikana. Masauko anachiuzira mpweya, anachipukuta ndi malaya, anachipaka mankhwala otsukira mano mpaka chinachita mikwingwirima. Atachilowetsa mu laputopu yobwereka, inamufunsa ngati akufuna kujambulapo kanthu pa chimbale chopanda kanthuchi.

"Nanga makina ako aja?" anafunsa Lidia.

"Anapsa."

"Tepi?"

Tepi inali m'chikwama, m'kamera momwemo. Masauko analumikiza kamerayo ku TV. Panatuluka mkwati akuvina, keke, anthu osawadziwa akufupa. Anathamangitsa mpaka ukwati unatha. Chithunzi chinachita chipalepale, kenako anaoneka a Jailosi, jekete lili pathupi, mawu ali phwetephwete.

"...mukafika pamenepo mungofunsa. Palibe amene sangakulozereni."

Anamwetulira pang'ono. Tepi inatha.

Mayi Natalia anaphimba nkhope ndi nsalu. Ndi pamene Lidia anaimirira n'kunena mawu aja.

Ndipo taonani kupotoka kwa anthu. Misozi isanaume, ena anali atayamba kale kunong'ona kuti wolakwa ndi Lidia, mwana wamkulu, wodziwa Chichewa, amene anasankha msika bambo ake akusiya mawu. Ngati kuti mankhwala a chifuwa ankagulidwa ndi masamba a mtengo. Iye amene anachenjeza ndiye amutafune, wonyozera uja amusisite kuti ndi ngozi chabe? Ngozi ndi magetsi. Kufufuta tepi chimbale chisanayesedwe pakhomo lina si ngozi, ndi matama. Masauko anaona chithunzi chikuwala m'chipinda mwake n'kuyesa kuti wawoloka, chonsecho anali pakati pa mtsinje. Akulu sananame: linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Zovala zina zonse zinapeza eni ake. Jekete linatsala pampando. Lidia analinyamula nakaliika pamiyendo pa mlongo wake.

"Unali nawo m'chipinda ndiwe. Makutu unali nawo. Anthu onsewa akumva, Masauko, tiuze: jeketeli tipite nalo mudzi uti?"