Msomali m'Malo mwa Fyuzi

Panali munthu wina kwathu kuno. Dzina lake ndisunga, chifukwa akadali moyo ndipo timakumana m'maliro. Munthuyo anali ndi mkulu wake, dalaivala wa matola. Mkuluyo anayendetsa pikapu imodzi yabuluu zaka makumi awiri ndi zitatu, kunyamula anthu, mbuzi ndi matumba a mtedza pamsewu wafumbi wopita kuboma. Maso atayamba kuchita chidima anausiya msewu, pikapu n'kupita kwa eni ena. Koma manja ake sanadziwe kukhala chete. Anatenga matabwa a mkungudza otsala pokhoma chitseko, nayamba kusema galimoto yake yomwe ija, yaing'ono, kutalika kwake ngati mkono wanga kuyambira paphewa.

Ndinaiona ndi maso angawa. Zitseko zinkatseguka. Nambala inali yeniyeni. Ngakhale popindika paja kumanzere, pomwe ng'ombe inagunda chaka chamvula yambiri, anapasema ndithu. Mpando anaukuta ndi kansalu kong'amba pachitenje cha mkazi wake, ndipo pampandopo anakhazikapo tianthu tiwiri tosema: wachipewa pachiwongolero, waduku pambali pake. Mkaziyo ankati zaka zonse zija sanakhalepo kutsogolo, poti mpando wakutsogolo unali wa odwala ndi aphunzitsi. Iye ankakwera kumbuyo ndi matumba. Tsono ankaseka, ati mwamuna wanga wandikhazika kutsogolo galimoto itasanduka thabwa.

Mkuluyo anamwalira. Galimoto ija inakhala pakabati, mayi wamasiyeyo n'kumaipukuta Loweruka lililonse.

Patapita zaka ziwiri abale anagwirizana zomanga chiliza. Munthu wathu uja, mng'ono wa malemu, anali wokonza njinga, wa manja ochenjera koma wa mtima wothamanga. Anali ataona kutauni tigalimoto ta ana toyenda tokha, munthu atangogwira rimoti m'manja. Ndiye anaganiza kuti tsiku la chiliza, anthu akabwerako kumanda, galimoto ya achimwene ake iyende yokha pabwalo, anthu aione ikukhota monga inkakhotera kale.

Anakapempha kwa mlamu wake. Mayiyo anakana kawiri. Kachitatu anaitsitsa pakabati ndi manja awiri.

"Alamu, china chilichonse m'nyumba muno chikawonongeka tidzapeza chinzake. Ichi chilibe chinzake. Ibwere monga yapitira."

Iye anavomera msanga, mwina msanga kwambiri.

Za mawaya sankazidziwa bwino. Choncho anapita kumsika kwa mayi wina wokonza mawailesi ndi mafoni, aNachisale, amene anaphunzira ntchitoyo kwa bambo awo. Anali mayi wosalankhulitsa. Azibambo a pabawo pafupi ndi kagolosale kawo ankawatcha amisiri, koma ankatero ndi kamlomo kopotoza.

ANachisale anaiyang'ana galimotoyo nthawi yaitali asanaikhudze. Kenaka anayamba. Rimoti ndi kabolodi kake kolandira mawu anazichotsa m'kagalimoto ka ana kosweka ka pakaunjika. Koma anati kabolodiko n'kofooka, kanazolowera kukankha pulasitiki, sikangakoke mkungudza. Ndiye anapeza mota ya waipa, chopukuta galasi chija, ya galimoto yakufa kuti izizunguza mateyala akumbuyo, kamota kena kakang'ono kokhotetsa akutsogolo, ndi batire la njinga yamoto. Pakati anaikapo timabokosi takuda tomwe amakaniko amati marileyi. Anamufotokozera kuti rimoti imangonong'oneza, kabolodi kamamva, ndipo rileyi ndiye amatsegula chipata kuti mphamvu yaikulu ya batire ipite kumota. Zonsezi anazibisa pansi ndi kumbuyo konyamulira katundu, osaboola paliponse pooneka. Anagwira masiku anayi, munthu uja atakhala pambali kuwagwirira mawaya pamene iwo ankawotcherera.

Chomaliza, pawaya wochoka kubatire anaikapo kagalasi kakang'ono ngati chala chakanise cha mwana, mkati muli kawaya kowonda ngati tsitsi.

Munthu uja anafunsa kuti kanthu kofooka chotere kakufunanji panjira ya mphamvu yonseyo.

"Iyi ndi fyuzi, achimwene. Kufookako ndiye ntchito yake. China chikalakwika, imapsa iyo kuti galimoto isapse. Ikapsa musakwiye nayo. Mufunse chomwe yaona."

Munthu uja anapita nayo galimoto kwawo. Atadina rimoti, galimoto inayenda. Ndikukuuzani, inayenda ndithu, tianthu tija tikugwedera pampando. Munthuyo analira misozi ali yekha. Koma isanafike ndi pankhokwe pomwe, inaima. Fyuzi yada.

Anabwerera kumsika, anapatsidwa ina. Inapsanso. Anabwereranso. Apa aNachisale anati abwere nayo galimoto yomwe. Anaitembenuza, nazunguza teyala lakumbuyo ndi chala. Linali lolimba. Anamuonetsa kuti malemu anapanga galimotoyo kuti izikankhidwa ndi dzanja pang'onopang'ono. Kamtengo kogwira mateyala kankazungulira m'bowo la thabwa, ndipo chinyontho cha zaka ziwiri chinali chitatupitsa thabwalo. Mota inkakoka ngati ng'ombe yokoka ngolo m'matope, ndipo fyuzi inkamva kuwawako. Mankhwala ake anali oti achotse mateyala, akuze bowo pang'ono, alowetse kapaipi kachitsulo, apake girisi. Ntchito ya masiku awiri. Koma anati kukuza bowo n'kudula thabwa la malemu, choncho ayambe wakapempha kwa mwini wake.

Chiliza chinali mkuja. Nthawi ikanakwana. Chomwe chinamulemera munthuyo chinali kukagwada kwa mlamu wake kachinayi n'kunena kuti, zija ndinalonjeza zavuta. Komanso potuluka kwa aNachisale, a pabawo aja anamufuulira.

"Mphunzi, lero amisiri akupatsa angati pamayeso? Ulendo wachinayi ubwere ndi yunifolomu!"

Anaseka nawo, koma makutu anamutentha mpaka kunyumba.

Tsono pali kachitidwe kena komwe tonse pano timakadziwa, tisanamizane. Fyuzi ikavuta m'galimoto ya matola, kapena pawailesi, kapena m'nyumba, sitifunsa chifukwa. Timapeza kawaya kokhuthala, kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, n'kulumikiza. Zimayaka, ife n'kumati tachenjera. Munthu uja anaika fyuzi yachitatu yomwe anabwera nayo kumsika, inapsa. Anaichotsa, nadula msomali wa inchi ziwiri ndi pulayala, naupanikiza pamalo pake. Galimoto inayenda kuzungulira nyumba katatu osaima. Anaigwira pansi, inali yofunda. Anati ndi dzuwa.

Tsiku linafika. Tinabwerako kumanda cha m'ma leveni, titaimba, chiliza chitavundukulidwa. Anthu anakhala pabwalo, amayi pamphasa, abambo pamabenchi. ANachisale analipo, poti mayi wamasiye uja anawatumizira uthenga kuti adzaone ntchito ya manja awo. Munthu uja anaima pakati atavala jekete la malemu, rimoti ili m'manja.

Galimoto inatuluka pakhomo yokha. Inadutsa kutsogolo kwa amayi, inakhota pamtengo wa mango, ndipo nkhalamba ina inati ndi yomweyo, ngakhale kupendekeka kwake. Mayi wamasiye anaphimba pakamwa ndi nsalu. Bwenzi ataimitsira pomwepo. Koma anthu anaomba m'manja, ndipo iye anaitumiza ulendo wachiwiri, kutali, kumapeto kwa bwalo komwe kuli mchenga.

Mateyala analowa mumchenga n'kuima. Iye anadinabe. Mota inalira. Anadinanso mwamphamvu, poganiza kuti ituluka. Pamenepo ndi pomwe kagalasi kaja kakanafera. Koma msomali sudziwa kufa. Mphamvu yonse ya batire inadutsa, mawaya anafiira, ndipo tinaona utsi ukutuluka pansi. Mkungudza wouma wopaka vanishi suchedwa. Pamene ankathamangira kumeneko, kansalu ka mpando kanali katayaka kale. Madzi anali kuseri kophikira. Wina anathira mchenga, wina anapuntha ndi nthambi. Fungo lake linali lokoma, lija la mkungudza, ndipo mpaka lero ndikalimva ndimatuluka panja.

Panatsala makala, mawaya opiringizika ndi mota yakuda. Tianthu tija sitinaoneke.

Munthu uja, atayang'ana paphulusa, anauona msomali uli gone, wosapindika n'komwe. Anapondapo ndi nsapato.

Anthu akaona tsoka safuna kukhala opanda wolakwa. Mawu anayambira kumabenchi. Wina anati ntchito zamagetsi si za amayi. Wina anati wailesi yake nayonso inabwerako kwa mayiyo ikulira ngati chule. Wina anati angotola zinyalala za pakaunjika n'kuika m'chinthu cha malemu. Ine ndinali pabenchi lachiwiri, ndipo sindikubisirani, pakamwa panga sipanali potseka. Ndinati anthu ena amavomera ntchito yomwe saidziwa. Ndinanena mokweza, kuti amve.

ANachisale anadzuka pamphasa, napita paphulusapo. Anagwada, nafufuza ndi kamtengo. Ankafuna kagalasi. Sanakapeze. Anapeza timano tiwiri tachitsulo tomwe timagwira fyuzi, titakanuka kuposa mmene anatisiyira. Anatiyang'ana, kenaka anayang'ana nsapato ya munthu uja. Anaimirira, napukuta m'manja, nayamba kumanga chitenje kuti azipita, mawu akuwagwerabe kumsana.

Munthuyo akanangoima choncho kanthawi kochepa, nkhani ikanatha. ANachisale akanapita ndi dzina loipa, msomali n'kukwiririka mumchenga. Thukuta linkatsika m'jekete la mkulu wake.

Anachotsa phazi.

Anawerama, natola msomali uja ukadali wotentha, naukweza kuti onse auone. Kenaka anapisa m'thumba la buluku, natulutsa magalasi atatu akuda.

"Mayiwa asiyeni. Anaika choteteza, chinandichenjeza katatu. Anandiuzanso ndi pakamwa chomwe chinalakwika. Ine ndinachita manyazi kubwera kwa alamu kudzapempha, ndiye ndinaika ichi. Galimoto ya achimwene ndaotcha ndine."

Ine ndinayang'ana zala zakumapazi, ndipo ndinazidziwa bwino tsiku limenelo.

Munthu uja anapita pamphasa, nagwada kutsogolo kwa mlamu wake, zinthuzo zili m'manja. Mayiyo sanakalipe. Anasankha magalasi atatu aja, nawamanga pakona ya chitenje.

"Awa nditenga, chifukwa anayesetsa. Msomaliwo sungani, alamu, ndi wanu. Mukanabwera, ndikanalola. Bowo ndikanalizolowera."

Atatero anaitana aNachisale kuti adzakhale pambali pake, nawapatsa madzi osamba m'manja iwo poyamba.

Anakhululukirana, musaganize kuti pali chidani. Munthuyo amakawalimira dimba alamu akewo chaka chilichonse. Koma ndinalowa m'nyumbamo mwezi wathawu. Pakabati pali malo opanda kanthu, kutalika ngati mkono wanga, ndipo mayiyo amapapukutabe Loweruka.

Tsono inu mwakhala apa, ndimvereni. Palibe wa ife amene alibe fyuzi yake. Mwina ndi mkazi wako amene amati bambo, pamenepa ayi. Mwina ndi mwamuna wako, kapena mnzako wa kuntchito, kapena kamtima kaja kamene kamakuluma usanachite chinthu. Amaoneka ofooka, amaimitsa ulendo, amatopetsa. Ndiye timawachotsa, n'kuikapo anthu ovomera zilizonse, olimba ngati msomali. Zimayenda bwino, inde, mpaka tsiku la mchenga. Wokukaniza akakuimitsa, usafunse kuti wavuta bwanji. Funsa chomwe waona.

Ndipo ngati zinapsa kale, ndipo wina akunyozedwa m'malo mwako, iwe ukudziwa chomwe wapondapo. Chotsa phazi lisanazolowere.