Khoma la Nasimango

Amayi, kumene mwagonako tcherani khutu, nthano iyi ndi yanu. Achimwene anu sanabwere kudzakuikani. Alamu anu sanabwere. Ena aja... ayi, ndalekeza pomwepa, akudzidziwa okha. Inu mwakhala panonu, sunthirani kuno, muzivomera kuti tili tonse.

Kalekale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, munali mayi dzina lake Nasimango. Amayi onse ankazira nyumba zawo, koma Nasimango akazira sankalekera pomwepo. Ankatenga dothi lofiira, dothi loyera ndi dothi lakuda, n'kumajambula pakhoma ndi chala. Ankajambula nkhanga ndi mawanga ake, ng'ona ndi mano ake, njoka ndi mapindikidwe ake. Anthu ankadutsa osacheuka. Ena ankaseka amvekere, "Munthu wamkulu kumaseweretsa matope!"

Chaka china Nasimango anadwala, n'kumwalira. Inali nyengo yokolola, ndipo pamaliro panabwera anthu ochepa. Mwana wake Kabango, bambo wandevu zake, anaona mikeka yopanda anthu, mtima wake n'kuwira.

Kumeneko mwambo unali wakuti mwini nyumba akamwalira, nyumbayo imagwetsedwa kuti mzimu usamabwerere. Tsiku logwetsa kumakhala mowa, ndiye abale anabwera onse. Patsogolo panali a Gwaza, malume ake a Kabango, a mwendo wokhota, khasu lili paphewa.

Kabango anaima pakhomo. Ankadziwa kuti khasu likagunda, zojambula za mayi ake zisanduka fumbi.

"Malume, kumanda simunaoneke. Lero mwamva fungo la mowa?"

"Ndinali ndi chimanga m'munda, mphwanga. Patuka, tichite mwambo."

"Mugwetsa, sindikukana. Koma muyambe mwaizungulira kamodzi, maso ali pakhoma."

Anazungulira monyinyirika. Atafika kuseri, kumene kunalibe njira, onse anaima chilili. Pakhoma limenelo panali mudzi wawo wonse: nkhokwe zake, chitsime chake, anthu ake.

"Ha! Si ine uyu?" anafuula Nachisale, mlamu wa malemu. "Onani mtsuko wanga wobenthuka kukamwa uja!"

"Iyi ndi mbuzi yanga inagwera m'chitsime ija!" anatero wina. "Ndi mchira womwe, abale inu!"

"Nanga wakhasu uyu, mwendo uli ngati uta, ndani?"

Onse anafa nalo phwete. Anakankhana, analoza, anaitanizana. Aliyense ankadzifunafuna, ndipo aliyense ankadzipeza. A Gwaza anayandikira, nakhudza chithunzi chawo ndi chala. Khasu linatsika lokha paphewa.

"Mlongo wanga anajambula liti zimenezi?"

"Chaka ndi chaka, malume. Mvula ikafufuta, ankabwereza. Inu munkathera pakhomo, kudzapempha mchere."

A Gwaza anayang'ananso khoma lija. Kenako anati, "Mwambo sitingausiye, nyumbayi igwa. Koma siigwa lero. Masiku atatu aliyense akajambule pakhoma lake chimene waona pano."

Amayi analulutira. Nachisale anathamangira dengu, koma anabwerera panjira.

"Kodi dothi lofiira chonchi ankalikumba kuti?"

Anayang'anana. Wa mbuzi uja sankadziwa, a Gwaza sankadziwa. Onse anatembenukira kwa Kabango.

"Zaka zonsezi mayi ali moyo, funso limeneli linali kuti?" anatero Kabango.

Kabango anafuna kuwakaniza kuti nawonso amve kuwawa. Koma anayang'ana khoma lija, naona kuti akakana, nkhanga za mayi ake zifera limodzi ndi nyumba. Anatola dengu.

"Tiyeni. Koma aliyense asenze lake."

Anawalozera lofiira pachulu cha kuphiri, loyera m'gombe la mtsinje, lakuda pakati pa dambo. Basi mudzi wonse unatekeseka! Ankathamanga kukaona, ankathamanga kukajambula, ankathamanganso kukaona. Nkhanga zina zinatuluka ngati abakha. Ng'ona ya Nachisale inatuluka ngati buluzi wokhuta.

"Chala chake chinkatani kuti mawanga alingane chonchi?" anadandaula Nachisale, matope ali mpaka m'zigongono. "Ine ndimayesa masewera!"

Nawonso a Gwaza, mwamuna wamkulu, anaviika chala m'dothi, nadzijambula pakhoma lawo.

"Malume, mwendo wowongoka uwu ndi wa yani?"

"Khomali ndi langa, mphwanga. Usandivute!"

Kabango anaseka koyamba chichitikire maliro.

Tsiku lachinayi anasonkhana. Kabango anatenga khasu la malume ake, nagunda khoma iye mwini. Nyumba inagwa, fumbi n'kukwera kumwamba. Fumbilo litatsika, Kabango anacheuka. Kumanja nkhanga, kumanzere ng'ona, kutsogolo mbuzi m'chitsime. Zinali zokhotakhota, zosalingana, zosafika pa za mayi ake, koma zinali pakhoma lililonse. Anapukuta misozi ndi dzanja la dothi.

Mwamva inu? Munthu wa luso muzimuyang'anira ntchito yake akadali moyo, muzimufunsa akadatha kuyankha. Mukadikira tsiku la khasu, mudzatola zokhotakhota zokha.

Nthano yanga yauma pamenepa. Wofuna kuifufuta adikire mvula.