Chiliza cha Mkulu wa Mpingo

Panali mlimi wina amene bambo ake anali mkulu wa mpingo m'mudzi wa alimi a mtedza. Mkuluyo anthu ankamutcha Mneneri. Sankalosera zam'tsogolo ayi. Ankangonena zoona pamaso pa munthu, monga ankachitira aneneri akale.

Nyengo yokumba mtedza ikafika, mkuluyo ankayendera minda. "Khasu lidutse kamodzi pamzere," ankatero. "Wotsala m'dothiwo si wanu, ngwa okunkha." Anthu ankang'ung'udza, koma ankamvera. Masiku amenewo, eni minda akangotuluka, amayi amasiye ankalowa ndi timakasu tawo kudzatola mtedza wotsalira. Ankaimba akukunkha, ndipo nyimbo zawo zinkamveka mpaka kuchigayo. Mlimi uja anakula akumva nyimbo zimenezo.

Mkuluyo anamwalira. Zaka zinapita, ndipo anthu anayamba kumusowa. Dzina lake linkatchulidwa paguwa, ngakhale ndi aja amene ankamuzemba ali moyo. Tsono mpingo unagwirizana zomumangira chiliza chachikulu chasimenti, chooneka ndi kumsewu komwe. Anati ndalama za simentiyo zichokere pa mtedza wa m'munda wa mpingo, ndipo munda ukumbidwe kawiri kuti pasatsale kanthu. Mlimi uja anakondwa. Ankafuna kuti bambo ake alemekezedwe.

Tsiku lokumba kachiwiri, anthu atangoyamba, kunabwera mayi wina wamasiye ndi kakhasu ndi dengu. Mtedza wokunkha ndi umene unkadyetsa ana ake chaka ndi chaka. Anagwada m'mphepete mwa munda.

"Odi, abambo. Kukunkha kwayamba?"

"Chaka chino ayi, mayi," anayankha wapampando wa mpingo. "Mtedza wonsewu ngwa chiliza cha Mneneri."

"Ooh, pepani, sindimadziwa," anatero mayiyo. "Nanga munthu wabwino ngati uja, ndani angamumane?"

Anasenza dengu lake lopanda kanthu natembenuka.

Mlimi uja anaima chilili. Anayang'ana mizere imene anali atabwereza kukumba ndi manja ake. Anamvetsera, ndipo anazindikira kuti m'minda yonse ya m'mudzimo munalibe woimba, ndiponso kuti sanadziwe chaka chimene nyimbozo zinathera. Kenaka anasenza khasu lake paphewa.

"Amayi, bwererani," anaitana. "Lowani, mukunkhe."

"Nanga chiliza cha bambo ako?" anafunsa wapampando mokalipa.

"Bambo anga agona m'dothi zaka zonsezi osadandaula," anatero mlimiyo. "Koma izi akanadandaula nazo."

Anatuluka m'mundamo osacheuka. Ena anamutsata mwamanyazi. Ena anatsala, koma palibe amene anakwezanso khasu mayiyo akuona.

Chiliza sichinamangidwe chaka chimenecho. Anthu ena analeka kumupatsa moni mlimiyo, namunena kuti ndi mwana wosayamika. Iye zinamuwawa, pakuti chilizacho ankachifunadi. Koma ana a mayi uja anadya.

Abale anga, mneneri savuta kumukonda akamwalira, chifukwa satidzudzulanso. Timatchula maina a aneneri, timapatsa ana athu maina awo, timasirira masiku awo. Koma iwo sanatisiyire manda oti tikongoletse. Anatisiyira amasiye, alendo ndi osauka oti tikhale nawo mwachilungamo. Inu amene mukuti mukuwasowa, pitani mukaone m'munda mwanu. Kodi mwatsala choti mnzanu akunkhe?