Galimoto Imene Gunvor Anakana Kusainira

Pa chilumba chathu, kumpoto kwa Norway, Lachinayi tinkalidziwa ndi makutu. Galimoto ya zinyalala ya khonsolo inkatsokomola kuchokera kutchalitchi mpaka kudoko, ndipo pachiwongolero pankakhala Gunvor Myklevik, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene anagwira ntchitoyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kuno tilibe dzala. Zinyalala zonse, kuphatikizapo mitu ndi matumbo a nsomba, zimawoloka pa pantoni kukatenthedwa kutsidya, ndipo eni pantoniyo amalola katundu wonunkhayu kamodzi kokha pa mlungu: Lachinayi, teni koloko m'mawa. Ukaphonya, ukhala ndi fungo lako mpaka mlungu wamawa.

Galimotoyo inali itatheratu. Mchere wa m'nyanja unaidya kunsi mpaka Gunvor ankaona msewu pakati pa mapazi ake, ndipo iye yemwe ndiye anayamba kupempha ina. Khonsolo inavomera, zinthu n'kuyenda mwa lamulo. Komiti inakhala pansi. Mkulu woona zogula, Audun Reite, amene anabwera kuno chaka chathachi kuchokera kumzinda, analemba chikalata cha masamba makumi anayi chofotokoza galimoto yofunikayo, makampani atatu n'kupikisana. Inapambana yamagetsi, yaitali, yotsika mimba, yonyamula kuwirikiza kawiri. M'masamba onse aja munali chilichonse, ngakhale mtundu wa nsalu ya pampando, koma palibe anaganiza zofunsa munthu wodzakhala pampandopo.

Gunvor anaiona koyamba pa chithunzi m'kantini ya khonsolo, pamene meya Steinar Lodding ankadya buledi wake wa tchizi chofiirira. Awiriwa anaphunzira kalasi imodzi, ndipo kwathu kuno meya timangomutchula dzina.

"Steinar, chimenechi n'chiyani? Basi ya ukwati?"

"Galimoto yako yatsopano imeneyo. Uzithokozako nthawi zina."

"Siikwera pantoni."

"Audun anayeza zonse. M'lifupi ikukwana, m'litali ikukwana, kulemera kukukwana."

"Anayeza tsiku liti?"

Audun anaseka. "Tsiku lili ndi ntchito yanji, Gunvor? Mita ndi mita basi, kaya Lolemba kaya Lachisanu."

Gunvor anakankha mbale ya meya, n'kupinda mkono wake patebulo. Nyanja ya kuno imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Anati ikaphwa pantoni imatsika nayo, ndipo mlatho wachitsulo wokwererapo umapendekeka, n'kusiya chigongono pamene walumikizana ndi doko. Mwezi ukakhala wathunthu nyanja imaphwa koposa, chigongonocho n'kuthwa. "Yakaleyi, ndi ufupi wake womwewo, imadutsa patatsala zala ziwiri. Chinjoka chanuchi chidzakhalira mimba."

"Ndiye khonsolo izigula magalimoto poyang'ana mwezi?" anatero Steinar. "Tilembenso ntchito woombeza?"

Kantini yonse inafa ndi phwete. Gunvor anatola chipewa chake n'kutuluka.

Galimoto ija inafika mwezi wa Ogasiti, tsiku limene nyanja inali yodzaza, ndipo inatsika pantoni mwaulemu ngati mkwatibwi. Kunena zoona inali yokongola, ngakhale ife amene tinkamukonda Gunvor tinavomereza. Steinar anamusuzumira pakati pa anthu n'kufuula kuti, "Mwezi wako uja uli kuti?"

Koma panatsala chinthu chimodzi. Malamulo a khonsolo yathu amati katundu wamkulu akagulidwa, womugwiritsa ntchito asaine pepala lovomereza kuti ndi woyenera. Likasainidwa, katunduyo sabwezedwanso, ndipo wakale amapita kokaphwanyidwa. Gunvor anapempha kuti adikire Lachinayi la mwezi wathunthu, aiyese itadzaza. Steinar anali ataitana kale bandi ndi mtolankhani, zisankho nazo zinali pakhomo, choncho anamuitanira muofesi n'kumuikira cholembera m'manja.

"Saina apa, tithane nazo."

"Dzanja langali silinama, Steinar."

"Ndi pepala chabe ili."

"Ngati ndi pepala chabe, saina wekha."

"Gunvor, usandiyese. Ukapanda kusaina lero, usiye makiyi."

Mayiyu anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo pachilumba pano ntchito ina yomuyembekezera inali yotumbula nsomba m'chisanu.  Komabe anatulutsa makiyi, n'kuwaika pamwamba pa pepala lija, n'kunena kuti, "Dzina langa ndi lokhalo ndili nalo. Silipita pa bodza."

Tsiku lotsatira chikalata chinapachikidwa pa bolodi la khonsolo: Gunvor Myklevik waimitsidwa ntchito chifukwa cha kusamvera ndi kuopa zipangizo zamakono. Mawu omalizawo ndiwo anamubaya. M'golosale anthu amene anawatolera zinyalala kwa zaka zonsezo ankanong'onezana kuti mayiyu wakalamba, nthawi yamusiya. Ine zinandipsetsa mtima, ndipo mpaka lero zimandipsetsabe. Audun anasaina m'malo mwake, galimoto yakale n'kuwoloka ulendo wosabwerera, ndipo chiwongolero anapatsa bambo wina amene amakankha chipale chofewa m'misewu nthawi yozizira.

Lachinayi la mwezi wathunthu, Gunvor anafika kudoko nthawi isanakwane, atanyamula mpando wopinda ndi fulasiki ya khofi. Anakhala poonekera, n'kupingasa miyendo. Steinar analipo ndi mtolankhani wake, pofuna chithunzi cha galimoto yatsopano ikukwera pantoni. Nyanja inali itaphwa mpaka miyala ya ndere inali pamtunda, ndipo inali ikuphwabe.

Matayala akutsogolo anatsika bwino. Kenaka kunamveka kulira kwa chitsulo kumene kunatilowa m'mano tonse, galimoto n'kuima nji, mimba itakhalira chigongono cha mlatho. Dalaivala anayesa kutsogolo, anayesa kumbuyo, matayala ankangozungulira. Oddvar, woyendetsa pantoni, anatsika akuthamanga, anagwada n'kusuzumira kunsi, ndipo anadzuka nkhope itasintha.

"Mabatire ali pomwepo! Madzi atsikabe kwa theka lina la ola. Mabatirewo akangobooka, moto wake suzimitsika, ndipo ndili ndi anthu makumi atatu m'katimu!"

Audun ankatsegula masamba ake makumi anayi. Steinar anayang'ana uku ndi uku, kenaka anayenda mtunda wautali kwambiri pa moyo wake, masitepe khumi ndi awiri okafika pa mpando wopinda uja.

"Gunvor, thandiza."

"Ine? Ndine woimitsidwa ntchito ine. Ndikungomwa khofi."

"Ino si nthawi yake, chonde."

"Munthu woopa zamakono angagwire bwanji galimoto yamagetsi? Ndingaiwononge."

"Ndinalakwa. Wamva?"

"Makutu anga akalamba, Steinar. Nthawi yandisiya. Uza anthu awa."

Musaganize kuti ankasewera ndi miyoyo ya anthu. Chitsulo chitangolira, iye anali atakweza kale dzanja kwa anyamata a pantoni, amene anamudziwa zaka zambiri, ndipo iwo anali atayamba kutulutsa anthu ndi kusunthira magalimoto onse kumbuyo kwa chombo kuti mphuno yake inyamuke. Steinar yekha ndiye sankadziwa zimenezo. Anatembenuka, nkhope ili psuu, n'kufuula pamaso pa doko lonse kuti Gunvor Myklevik ananena zoona, kuti chikalata cha pa bolodi chija n'chabodza, ndipo ntchito yake ndi yake. Mtolankhani uja, amene anabwerera chithunzi china, analemba mawu onse.

Apo Gunvor anatseka fulasiki yake n'kudzuka. Anatsitsa dalaivala uja, anakwera, n'kuyang'ana mabatani kanthawi kochepa chabe, pakuti buku la galimotoyo anali ataliwerenga lonse kunyumba masiku amene ankatchedwa mbuli. Anatsegula kumbuyo n'kukhuthulira padoko zinyalala za mlungu wathunthu, matewera, makoko a mbatata, matumbo a nsomba, zonse. Galimoto itapepuka inanyamuka pang'ono.

"Matabwa pansi pa matayala! Steinar, vula jekete, manja uli nawo! Audun, siya mapepalawo, gwira uko!"

Meya anagwada m'madzi a nsomba zowola n'kulowetsa thabwa. Gunvor anabweza galimotoyo chala ndi chala, mutu uli pawindo, mpaka mimba inachoka pa chitsulo popanda kubooka. Pantoni inanyamuka mochedwa ndi ola limodzi, yopanda zinyalala. Mulu uja unatsala padoko, pafupi ndi ofesi ya khonsolo, ndipo mbalame za kunyanja zinachita phwando mpaka Lachinayi linalo.

Galimotoyo sinabwezedwe, poti pepala linali litasainidwa. Tili nayobe, ndipo masabata amene nyanja yaphwa kwambiri siwoloka, tauni yonse n'kupirira fungo. Gunvor anabwerera pantchito Lolemba, koma anakana kulandira makiyi muofesi. Anati amupatsire pa bolodi pomwe anapachika dzina lake, ndipo Steinar achotse chikalatacho ndi dzanja lake, masana, golosale itatsegula. Zinachitika momwemo, anthu onong'ona aja akuonerera, maso ali pansi.

Steinar sanali munthu woipa, ndipo Audun sukulu anaphunzira ndithu. Anayeza chitsulo, anayeza doko, anatsata lamulo lililonse, koma funso limodzi laulere analiona lotsika kwa iwo chifukwa woliyankha ankanunkha zinyalala. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.