Mbatata Zotayidwa m'Chigwembe

Kalekale, kuseri kwa phiri lina, kunali mudzi. Vomerani kuti tili tonse, ana anga, ndidziwe kuti makutu mwabwera nawo.

M'mudzimo munali bambo wina dzina lake Msosa. Anali ndi mkazi wake Nachisale ndi mwana mmodzi wamkazi, Ndaziona. Msosa sanali wolemera, sanali wodziwa kuyankhula pabwalo, sanali katswiri wovina. Chake chinali chimodzi: mbatata. Inali yofiira kunja, yachikasu m'kati, yotsekemera ngati uchi.

Mbewu ya mbatata si njere yoti usunge mumsuko. Ndi tsinde lamoyo, ndipo chilimwe chonse limafuna madzi. Anthu ena ankachita ulesi, mbewu yawo n'kuuma. Msosa ankasunga yake kudimba, kuthirira m'mawa, kuthirira madzulo. Mvula ikagwa anthu ankabwera kudzapempha. Iye ankadula, kumanga mtolo, kusenzetsa. Wobwera ndi moni ankamupatsa. Wobwera ndi tsinya ankamupatsa. Ngakhale amene anamunyoza dzulo ankamupatsa.

Tsono kumeneko kunali mwambo wakuti mbewu sathokoza. Ukathokoza, ati, siphuka. Munthu ankangosenza mtolo wake n'kumapita osacheuka. Zaka zonsezo Msosa sanamvepo "zikomo" ndi kamodzi komwe, ndipo sankadandaula.

M'mudzi womwewo munali a Mkwezalamba, mkulu wokonda mwambi umodzi. Munthu akapunthwa, iwo: "Choipa chitsata mwini." Nkhuku ikatengedwa ndi kabawi, iwo: "Choipa chitsata mwini." Denga likadontha, mawu ake omwewo. Kwa iwo panalibe tsoka logwa lokha. Aliyense wovutika anali ndi mlandu wobisika.

Chaka china mvula inayamba bwino. Anthu anatenga mbewu kwa Msosa, anabzala, inaphuka. Kenaka zinthu zinatembenuka. Mphenzi inagwa pankhokwe ya Msosa n'kuitentha yonse. Mwezi usanathe, mtengo umene ankadula unamugwera pamwendo. Ali chigonere, nguluwe zinalowa kudimba kwake n'kufukula mbatata yonse, osasiya ndi tsinde lomwe.

A Mkwezalamba anaimirira pansi pa mkuyu, pomwe anthu ankapumulira pochokera kumunda.

"Kamodzi ndi tsoka," anatero. "Kawiri ndi tsoka. Katatu, abale anga, ndi mlandu. Mphenzi inadumpha nkhokwe zonsezi n'kukasankha yake. Ilibe maso kodi?"

Mayi wina, Nangondo, anati, "Koma a Mkwezalamba, munthuyu watipatsa mbewu tonsefe."

"Ndiye pamenepo! Munthu n'kumangopatsa, kumangopatsa? Akuphimba kanthu ameneyu."

"Nanga inu, dzino lija linakutupitsani tsaya ngati dzungu, munalakwa chiyani?"

"Lija linali dzino chabe, mayi. Musasokoneze nkhani."

Anthu anaseka. Koma kuseka kutatha, mantha anatsala. A Mkwezalamba anatsitsa mawu.

"Mbewu ya munthu ameneyu ili m'minda mwathu. Choipacho chikamamutsata, chidzera pati? Si pamizere yathu?"

M'mawa mwake mudzi wonse unatuluka. Anazula mbatata ya Msosa, mzere ndi mzere. Anamanga mitolo, anasenza, anakaponya m'chigwembe chakumunsi kwa mudzi, kumene ankatayako agalu akufa. Nangondo yemwe anazula, akugwetsa misozi, koma anazula.

Kuyambira tsikulo Ndaziona akafika pachitsime, atsikana anzake ankasuntha mitsuko yawo. Akapita kumtondo, nyimbo inkatha. Akapita kunkhuni, ankapita yekha.

Tsiku lina anabwera kunyumba, anatula mtsuko, anakhala patali ndi mphasa ya bambo ake.

"Atate, munalakwa chiyani?"

Msosa anayankha ali chigonere.

"Ndalakwapo zambiri, mwanawe. Ndili mnyamata ndinabapo nzimbe. Amayi akowa ndawakalipirapo popanda chifukwa. Koma chobisika choti chiitane mphenzi, ndilibe."

"Nanga bwanji inasankha nkhokwe yathu?"

"Sindidziwa."

"Nanga mtengo? Nanga nguluwe?"

"Sindidziwa, mayi wanga. Ndikanadziwa ndikanakuuza."

Ndaziona anaweramitsa mutu n'kutuluka. Kuyambira pamenepo ankawapatsa madzi osawayang'ana kumaso. Ana anga, nkhokwe imamangidwanso, mwendo umapola, dimba limalimidwanso. Koma mwana wako akakukayika, palibe sing'anga wa bala limenelo. Msosa analimva balalo kuposa mwendo.

Kenaka mvula inadula. Chimanga chinali chitangomasula ngayaye. Dzuwa linawala sabata, linawala mwezi, linawala mpaka masamba anapotana ngati chingwe. Anthu anakolola timadengu. Chisanu chisanathe, njala inali italowa nyumba iliyonse, ya wabwino ndi ya woipa, ya wopemphera ndi ya wotukwana.

Tsiku lina Ndaziona anapita kunkhuni yekha, monga mwa masiku onse. Popeza kuchigwembe anthu sankapitako, nkhuni zinali zambiri kumeneko. Anatsetsereka. Atafika pansi anaima chilili.

Dziko lonse linali lofiira ndi fumbi, koma m'chigwembemo munali mobiriwira. Kholowa uku, kholowa uko, kholowa mpaka pokhota. Mitolo ija itaponyedwa, mvula inakokolola dothi la m'minda n'kuikwirira. Ndipo mbatata, ana anga, sifunsa kuti wandibzala kapena wanditaya. Pomwe yakhudza dothi, imagwira. Kumtunda kutauma, m'chigwembe chinyontho chinatsala.

Anafukula ndi kamtengo. Inatuluka mbatata yonga mkono wake, yofiira kunja. Anaibenthula. Yachikasu m'kati.

Nkhuni anazisiya pomwepo. Anathamanga.

"Atate! Amayi! Mbatata yathu ili moyo!"

Msosa anatenga ndodo ndi khasu, anatsimphina mpaka kuchigwembe, mkazi wake ndi mwana wake ali pambuyo. Atatuwo anaima m'mphepete, kuyang'ana.

Nachisale ananong'oneza, "Abambo, pakamwa potseka. Anataya okha. Tizikumba pang'onopang'ono, tifika nayo kudzinja."

"Inde, atate, tisawauze," anatero Ndaziona. "Choipa chawo chawatsata."

Msosa anakhala pamwala, anawongola mwendo wake wopindikawo.

"Mwanawe, kwa Nangondo kuli khanda. Linazula mbatata khandalo?"

"Ayi."

"Nanga njala yalilambalala?"

Ndaziona anapukusa mutu.

"Mawu amene anatipweteka ife, tisawatole kuti tikagendere ena. Pita ukawaitane. Uwauze abwere ndi makasu, koma tsinde asazule. Mbewu ya chaka chamawa ndi yomweyi."

Ndaziona anapita. Analowa khomo ndi khomo, mutu uli chiimire. Anthu anabwera mwamanyazi, amayi ndi malichero, abambo ndi makasu. Msosa anaima pakati ndi ndodo yake, kuloza pokumba, kuloza posiya, kuloza pokwirira.

Womaliza kufika anali a Mkwezalamba, atanyamula dengu lalikulu kuposa onse. Ataona mulu wa mbatata, anakweza dzanja.

"Ndinanena ine! Chilichonse chitsata mwini! Onani, chabwino cha Msosa chamutsata. Munthuyu ndi wolungama, ine ndinkadziwa kale!"

Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Koma Ndaziona anatula lichero lake. Anagwada monga mwana wophunzitsidwa bwino, koma mawu ake anamveka chigwembe chonse.

"Pepani, agogo, ndifunse nawo. Tsiku limene mphenzi inagwa, atate anga anali ati?"

"Anali... anali omwewa."

"Nanga lero?"

"Omwewa."

"Ndiye chasintha n'chiyani? Nkhokwe itapsa munati ndi oipa. Mbatata yapezeka mukuti ndi abwino. Mawa mbuzi yathu ikafa mudzatinso chiyani? Inenso ndinawakayika, chifukwa ndinayang'ana mphenzi m'malo moyang'ana manja awo. Mbatata iyi sinagwe kumwamba. Anaithirira chilimwe chonse ndi manja awa. Ndipo lero akanatha kukhala chete. Pamenepo m'pamene ndawadziwira, osati pamphenzi."

Nangondo anaseka mokweza. "Ayankheni mwana, a Mkwezalamba! Kapena dzino layambanso?"

A Mkwezalamba mwambi unawathawa. Anawerama n'kuyamba kutola mbatata, ndipo Msosa yemwe ndiye anawasenzetsa dengu.

Pamenepo Ndaziona anatembenukira kwa bambo ake. Anawayang'ana kumaso, koyamba pa miyezi yonse ija, nawomba m'manja.

"Zikomo, atate."

Amayi ake anagwira pakamwa. "Iwe! Mbewu sathokoza! Siphuka!"

"Yaphuka potayidwa," anatero Ndaziona. "Ilephera kuphuka pothokozedwa?"

Msosa anangoika dzanja pamutu pa mwana wake. Ndipo akuti tsiku limenelo anakwera chitunda cha chigwembe ndodo ataiiwala pansi.

Mvula itabwera, anabzala mbewu yothokozedwayo, ndipo inaphuka m'minda yonse.

Phunziro lake ndi ili, ana anga. Musayeze mtima wa munthu ndi tsoka lake, kapena ndi mwayi wake. Mphenzi sisankha, njala sisankha. Nthawi zina chabwino chimabwerera kwa mwini, nthawi zina sichibwerera, ndipo palibe angakulonjezeni tsiku lake. Koma chabwino chili ngati tsinde la mbatata: ngakhale achitaye, pomwe chagwa chimayesa kugwira, ndipo wina adzadya. Inu thirirani basi. Mukaona mnzanu wagwa, musafunse chimene analakwa. Funsani pomwe pakumupweteka.

Nthano yanga yafika kumapeto a mzere. Kaphuleni mbatata ija paphulusa isanapserere, ndipo yaikuluyo mupatse mng'ono wanu.