Dzina la Mwana wa M'kalavani

Kalekale, koma osati kale lija la nyanda ndi mauta ayi, kale la dzanadzanali galimoto za kaunjika zitasefukira kale m'dziko muno, kumapiri a ku Ntcheu kunali azamba ena otchedwa a Nangozo. Mayi aliuma amenewo, ndikuuzeni! Atapuma pantchito, anzawo ankaweta nkhuku, koma iwo anakagula kalavani yakale imene anasiya omanga msewu, kanyumba koyenda pa matayala awiri. Anaikamo bedi, sikelo ndi chidebe cha madzi, amvekere azitsikira nayo m'zigwa kumene amayi apakati amafera panjira chifukwa chipatala chili kutali. Chinatsala n'chimodzi, galimoto yoikoka. Inayenera kukhala yaing'ono poti tinjira takumeneko n'topanikiza, komanso yokoka ndi matayala onse anayi.

Tsiku lokagula ku Limbe anatenga anthu atatu: mlongo wawo Yotamu, makaniko wa pansi pa mtengo, mwana wawo Edina, wowotcherera zitsulo, ndi mwamuna wa Edinayo, Lufeyo, amene anakulira pa chiwongolero cha malole a fodya.

Atangolowa mumpanda wa ogulitsa, maso a Nangozo anagwera pa galimoto yofiira, yonyezimira psuu.

"Achimwene, yanga ndi iyi. Musavutikenso."

Yotamu anavula jekete, n'kugona chagada pansi pa galimotoyo, nayamba kugogoda zitsulo ndi sipanala. Go! Go! Kachitatu sipanala inangoti lowu, dzimbiri lili waa kumaso kwake.

"Achemwali, chikomekome cha mkuyu ichi," anatero akudzikhwekhwereza potuluka. "Msana wa galimotoyi ndi dzimbiri lokhalokha, angopakapo penti. Mukadzamangirira kalavani apa, idzapita ndi mbuyo yonseyi, inu n'kutsala ndi mipando yakutsogolo."

Wogulitsa anati bamboyu ndi wansanje. Yotamu anangomusonyeza dzanja lodzaza dzimbiri.

Yachiwiri inali yoyera, ya mipando yachikopa, yosintha yokha magiya. Lufeyo anakhala pa chiwongolero n'kupapasa pambali pake.

"Amayi, kandodo kachiwiri kali kuti?"

Ankanena kandodo ka giya yamphamvu, kamene ukakakankha galimoto imakwawa ngati kamba koma imakoka ngati ng'ombe. M'galimoto yoyerayo munalibe.

"Iyi ndi yopitira ku ukwati, amayi. M'matope a kwathu kuja idzatichititsa manyazi."

"Kodi ndabwera ndi alangizi kapena afiti?" anakalipa a Nangozo. Mkamwini anazyolika mwaulemu, koma pa mawu akewo sanasunthe.

Yachitatu inali kuseri kwenikweni, yobiriwira, fumbi lili mbuu, chitseko chimodzi cha mtundu wina. Yotamu anagogoda pansi, chitsulo chinalira ngwee! Lufeyo anapapasa, kandodo kaja kanalipo. Anagula imeneyo, ndipo a Nangozo anatsonya njira yonse kuchokera ku Limbe mpaka kwawo.

Edina anayankhula zake atafika kumudzi. Anapeza kuti mbedza yokokera anangoimanga pa bampala ndi mabawuti awiri.

"Izi n'zokokera wilibala," anatero, n'kuidula pomwepo.

Masiku awiri anakhalira kuwotcherera chitsulo chochindikala pa msana weniweni wa galimoto. Msomali wolumikizira kalavani unachokera m'bokosi la amalume ake, a Yotamu aja. Koma Edina anawonjezapo matcheni awiri, china uku china uku.

"Matcheni a chiyaninso, poti msomali ulipo?" anafunsa mayi ake.

"Amayi, msomali ndi chitsulo, ndipo chitsulo chimatopa."

Tsono mverani. Dzinja lili pakati, a Nangozo ali m'chigwa ndi kalavani yawo, kunabwera mnyamata wina dzina lake Damiyano, thukuta lili kamukamu. Mkazi wake Elube matenda anali atamuyamba dzulo lake, mimba yoyamba. Atafika kwa Elube, a Nangozo anangomugwira pamimba n'kudziwiratu kuti mwana wagona mopingasa. Apa manja awo sakanatha kanthu, pankafunika mpeni wa dokotala kuchipatala cha pa boma, ndipo dzuwa likanalowa asanafike, akanaika maliro awiri. Elube sankatha n'kukhala tsonga komwe, ndiye anamugoneka pa bedi la m'kalavani, a Nangozo n'kugwada pambali pake. Damiyano anakwera kutsogolo ndi Lufeyo, amene ankayendetsa galimoto.

Njira zinali ziwiri. Ina inali yozungulira, ya maola atatu. Ina inali yachidule, yokwera chitunda chokhala ndi phompho kumanzere. Lufeyo anayang'ana dzuwa, nasankha yachidule.

Ali pakati pa chitundacho, matope akuterera ngati therere, tayala linagwera m'dzenje, ndipo a Nangozo anamva thyo! Msomali uja unali utathyoka. Kalavani inayamba kubwerera m'mbuyo. Sikelo inagwa, chidebe chinakhuthuka, iwo anadziponya pa Elube n'kumukumbatira. Pawindo sankaonanso msewu, ankaona nsonga za mitengo pansi. Mayi amene moyo wawo wonse sanaopepo magazi, tsiku limenelo anaopa mpaka anaitana amayi awo amene anamwalira kalekale.

Kenaka gwe! Matcheni anagwira. Kalavani inaima itapendekeka, tayala limodzi likuzungulira m'malere pamwamba pa phompho. Kulemera kwake konse kunakoka mbuyo ya kagalimoto kaja. A Nangozo anatsinzina, kudikira kuti amve chitsulo chikung'ambika. Sichinang'ambike.

Chinatsala ndi phazi la mkamwini. Dalaivala wamantha akanaponda moto, matayala n'kuzungulira pamalo amodzi, onse anayi n'kutsetserekera kuphompho. Damiyano ankakuwa kutsogoloko, "Pondani, bambo! Pondani!" Koma Lufeyo anakankha kandodo kaja, injini inangoti nduu chapansipansi. Galimoto inasuntha chikhatho chimodzi. Inasunthanso china. Tayala lolendewera lija linakhudza nthaka, ndipo anakwawa chomwecho mpaka pamwamba. Pamenepo anasomeka bawuti m'malo mwa msomali wothyoka uja, ulendo wa kuchipatala. Dzuwa likanali m'mwamba, Elube anachira, mwana wamwamuna.

Mchombo utagwa, mwana atatuluka m'chikuta, Damiyano ndi akwawo anabwera kwa a Nangozo atanyamula khandalo ndi tambala woyera. Paja mwana woyamba amatchedwa dzina ndi akuchimuna, koma iwo anati ulemu umenewu aupereka kwa amene anapulumutsa miyoyo iwiri ija.

"Ine ayi," anakana a Nangozo. "Ine muja ndinkangokuwa ndi kupemphera. Komanso ana otchedwa ndi ine adzaza kale sukulu. Funsani atatu awa."

Eee, anaiputa dala nkhondo! Yotamu anadzigunda pachifuwa.

"Pakanapanda ine, achemwali akanagula chofiira chija. Matcheni akanagwira inde, koma akanapita kuphompho pamodzi ndi chitsulo chovunda chimene anawamangirirapo. Dzina nditcha ndine."

"Amalume, musatiseketse," anatero Edina. "Msomali wothyokawo unachokera m'bokosi la yani? Chitsulo chanu chitatopa, chinagwira n'changa."

"Chinagwira inde, mayi," anatero Lufeyo kwa mkazi wake, "koma matcheni ako anatalika. Akanafupika pang'ono, tayala silikanalendewera. Ndipo tcheni chimangogwira, sichikweza phiri. Anasankha kandodo ndine, anakakankha ndine."

"Nanga anasankha njira ya kuphompho ndani?" anabweza Edina. "Ine kodi?"

"Tikanazungulira, bwenzi lero tili pa chiliza."

Anakangana mpaka tambala uja anamasuka mwendo n'kuthawira m'chimanga, popanda womuthamangitsa. Mapeto ake onse anatembenukira kwa a Nangozo kuti aweruze. Iwo anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mkamwini wawo. Aliyense ananena zoona, ndipo aliyense anali ndi kachilema kake.

Elube ndiye anayankhula motsitsa, khanda lili pabere. "Amayi, mwanayu sangakule akutchedwa Uje."

Ndiye inu mwakhala apanu, musangoti maso tuzu ngati simunamve. A Nangozo nkhaniyi yawakanika, ndipo ine sindikuthandizani. Yotamu anakana dzimbiri koma anapereka msomali wotopa. Edina anamanga matcheni, koma otalika. Lufeyo anawalowetsa m'njira yoopsa, n'kuwatulutsamo amoyo. Mwana ndi mmodzi, womutcha dzina ndi mmodzinso. Mwa atatuwa, amunyamule m'manja n'kumutcha dzina ndani?